Lamya ya Kuchipinda

M'nyumba mwanga munali lamya ziwiri, koma anthu ankadziwa imodzi. Yodziwikayo inkakhala pabalaza, pakatebulo ka pakona, ndipo pa kagudumu kake kozungulitsira manambala ndinakolekapo kaloko ngati ka pa sutikesi. Kiyi ndinkamanga pansonga ya chitenje. Wofuna kuimba ankayamba wandiuza kuti akuimbira ndani, pa nkhani yanji. Yachiwiri inali kuchipinda kwanga, pansi pa bedi, m'katoni ya sopo. Malemu amuna anga ndi amene anaikokera kumeneko chaka chimene miyendo inawakana, kuti azilankhula ndi akalaliki a ku esiteti ali chigonere. Atamwalira ndinauza aliyense kuti lamya ija inafa. Ndinaitsegula kunsi, n'kutsekera belu lake ndi kansanza. Ziwirizi zinali pa nthambo imodzi, choncho wina akamalankhula pabalaza, ine n'kunyamula ya kuchipinda, ndinkamva zonse.

Sindikunena izi modzitama, komanso sindikupepesa. Ndakalambira pakati pa fodya. Ndaona mabwana akunamiza matenanti, matenanti akunamiza mabwana, ndi ogula fodya akunamiza onsewo. Munthu amakupatsa moni wabwino m'mawa, masana wasolola ndodo ziwiri za fodya m'chigafa chako. Chimene munthu amanena iwe uli pomwepo n'china, chimene amanena akuyesa kuti wachoka n'chinanso. Ine ndinkafuna chachiwiricho.

Mwana wanga wamwamuna atamwalira, mkazi wake sanabwerere kwawo. Anali mphunzitsi pa pulaimale ya kufupi ndi Nkhamenya, ndipo anatsala m'nyumba mwanga ndi ana awiri aakazi, wamkulu ali Sitandade 5, wamng'ono atangoyamba kumene. Mwa mwambo wathu ana ndi a kwa mayi wawo. Ndinkadziwa kuti tsiku lina adzanyamuka nawo, ndipo kunalibe bwalo limene ndikanakadandaulako. Sindinamuchitire nkhanza. Ndinkangomuyang'ana.

Chinali chaka china cha makuponi, mwezi wa Novembala, mitambo ikusonkhana masana aliwonse n'kubalalika osagwetsa kanthu. Anthu anali pa mizere ya feteleza, ndipo galimoto iliyonse yoyenda inali itadzaza matumba, munthu wopanda thumba osaimiridwa pamsewu. Sabata imeneyo mpongozi wanga anabwera n'kugwada pakhomo la khitchini.

"Amayi, ndikupemphako lamya masiku awiri."

"Mukuimbira ndani masiku awiri, amake ana?"

Anafotokoza. Kunapezeka mwayi wa maphunziro a zaka ziwiri ku sukulu ya ukachenjede kum'mwera. Ofuna malo ankayenera kuyankha mafunso pa kompyuta, pa intaneti, n'kutumiza zithunzi za masatifiketi awo lisanakwane 12 koloko masana Lachisanu. Kasitolo ka intaneti ka pa boma kanali kotseka chifukwa akuba anadula nthambo za kumeneko. Mlongo wake anali atamutumizira kompyuta yakale kuchokera ku Lilongwe, ndipo panatsala kuilumikiza ku lamya yanga.

"Nanga ana?" ndinafunsa.

"Tiyambe taona ngati anditenga."

Yankho limenelo ndinalimva bwino lomwe. Ndinavomera, chifukwa kukana kukanandionetsa mtima. Komanso mwezi womwewo mwamuna wina anali ataimba kawiri kufuna aphunzitsi, ndipo ndili kuchipinda ndinawamva akulankhula Chingerezi chothamanga kuposa changa cha ku mishoni. Ndinangotolapo tsiku Lachisanu ndi kuseka. Ndinafuna ndidziwe kuti mwamunayo ndi sukuluyo ndi chinthu chimodzi kapena ziwiri.

Wodzalumikizayo anafika Lachinayi m'mawa pa njinga yamoto. Anali bambo wa imvi m'mbali, pulayala m'thumba la shati, nsapato zosokedwa kawiri. Ndinamufunsa kwawo. Anati ku Lisasadzi, n'kutchula mudzi. Mudziwo ndimaudziwa, koma kutchula mudzi aliyense angatchule. Ndinamuika pabalaza, ine n'kukhala pampando woti ndiziona manja ake.

Anatulutsa kabokosi kotuwa kokhala ndi timagetsi kutsogolo. Anati dzina lake ndi modemu. Nthambo ina anaitenga kukhoma n'kuilowetsa m'kabokosiko, ina kuchoka m'kabokosi kupita ku lamya, ina yonenepa kupita ku kompyuta. Ndinamasula kiyi pachitenje n'kumugwira m'manja, kudikira kuti apemphe, kuti ndinene malamulo anga. Sanapemphe.

"Kiyi simukufuna, achimwene?"

"Sungani, mayi. Aka kamaimba kokha, sikadzera pa gudumu."

Ndinayang'ana kaloko kanga. Zaka zonsezo ndinkayesa kuti ndatseka khomo, pamene khomalo linali ndi chiboo. Ndinamanganso kiyi pachitenje.

Bamboyo ankagwira ntchito akulankhula, monga amachitira anthu ozolowera kuyang'aniridwa. Anati kabokosiko kaimbira nambala ya ku Lilongwe. Kumeneko sikuyankha munthu, kuli makina aakulu a kampani amene amalandira lamya zambirimbiri nthawi imodzi n'kulondolera uthenga uliwonse njira yake, ngati kondakitala pa depoti. Makinawo akayankha, amayamba agwirizana ndi kabokosi kathu liwiro loti azilankhulirana, kenako amafunsa dzina ndi mawu achinsinsi. Analemba nambalayo m'kabokosi ka pa sikirini, n'kulemba dzina limene kampani inapatsa mpongozi wanga. Pa mawu achinsinsi anatembenukira kukhoma, mpongozi wanga n'kulemba yekha. Ine sindinatembenuke. Pa sikirini panangotuluka timadontho.

"Akubisira ndani?"

"Aliyense, mayi. Ngakhale ine."

"Ndiye kali ndi nzeru," ndinatero. Anaseka. Ine sindinkaseka.

Ulendo woyamba kabokosi kanaimba timaliwu ngati ka wailesi, kenako zii. Bamboyo anamvetsera, n'kunyamula lamya ya pabalaza, n'kugwedeza mutu. Anati nthambo ya kuno ndi yachikale, sidziwa manambala oimbidwa ndi nyimbo, imamva ogogoda, monga limachitira gudumu likamabwerera. Anasintha kachilembo kamodzi penapake. Ulendo wachiwiri kabokosi kanayamba kugogoda, tiki-tiki-tiki, kupuma, tiki-tiki. Ndipo kuseri kwa khoma, motsika kwambiri moti wina aliyense akanayesa nalimata, ndinamva belu la lamya ya pansi pa bedi likugunda kansanza kaja, kutsatira kugogodako. Kenako kabokosi kanalira. Kulira kwake sindingakufanizire bwino. Kunayamba ngati nyenje za mu Okutobala, n'kukhala ngati mphaka wopondedwa mchira, n'kuthera ngati mvula pa malata. Timagetsi tinayaka tonse.

"Talowa!" anatero bamboyo. Mpongozi wanga anakokera mpando pafupi n'kuyamba kuyankha mafunso.

Ndinanyamuka ngati ndikukatenga mpango. Kuchipinda ndinatseka chitseko, ndinagwada, ndinakoka katoni, ndinanyamula lamya mwa njira yanga, chala chitapanikiza kachitsulo n'kumasula pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza kuti pansi pa phokosolo pamveka mawu a munthu. Panalibe. Panali mvula ya pa malata yokhayokha, kenako inatsamwa, n'kuduka. Ndinabwezera.

Nditatuluka ndinapeza bamboyo akukanda mutu. Zonse zimene mpongozi wanga analemba zinali zitafufutika, ndipo ankayenera kuyambiranso pa dzina lake.

"M'nyumba muno muli lamya ina?" bamboyo anafunsa.

"Inalipo ya malemu apongozi aamuna," mpongozi wanga anayankha akuyang'ana pa sikirini, "koma amati inafa kalekale."

Ine ndinakonza mpango kumutu.

Ulendo wachitatu ndinapitanso. Ndinaganiza kuti mwina mwamuna uja amayamba kulankhula phokoso likatha, ndipo ine ndinafulumira kubwezera. Ndinamvetsera nthawi yotalikirapo. Mvula inatsamwa, n'kuduka, ndipo nthawi yomweyo ndinamva mpongozi wanga pabalaza akuti "Aaa, iai!" Ndine munthu woona zinthu. Nkhuku ikasowa kawiri tsiku limene kwabwera mlendo yemweyo, sindifuna wondiuza. Ndinakhala pansi pomwepo lamya ili m'manja, n'kudziwa kuti chodula chija ndine.

Apa ndi pamene ndiyenera kulemba mosakhota. Masana a Lachinayi limenelo ndinanyamulanso lamya ija kawiri, ndikudziwa chimene ndikuchita. Sindinkafunanso kumva mawu a munthu. Ndinkadikira mpaka ndimve kuti wafika patali, pa masamba a kumapeto, n'kunyamula, kuwerenga mpaka khumi, kubwezera. Mumtima ndinkati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ana anali m'nyumba mwanga tsiku limenelo, ndipo 12 koloko ya Lachisanu ikadutsa, akanakhalamo chaka china chathunthu.

Bambo uja anavutika. Anatsitsa liwiro la kabokosi, akuti mwina nthambo ili ndi phokoso lambiri. Anasintha nthambo ya kukhoma. Anatsegula kabokosi kakuda ka panja n'kupala dzimbiri lobiriwira ndi mpeni. Anabwereka makwerero kwa aneba n'kudula nthambi ya mango imene inkakhudza nthambo, ndipo ndinamuuza kuti mango amene agwa ndi anga. Kenako anakakwera pachulu cha kuseri kwa zigafa, pamene foni ya m'manja inkagwira, n'kumakuwa ndi anthu a kampani. Anabwera nkhope itasintha.

"Akuti kwawo zonse zili bwino. Makina awo akuonetsa kuti tikulowa, dzina akulivomera, mawu achinsinsi akuwavomera. Akuti kudukako kukuchokera kuno."

"Kuno kuti?" mpongozi wanga anafunsa.

"Ndi zimene ndikufuna ndidziwe, aphunzitsi."

Dzuwa litapendeka anati akagona pa tireding'i, abwera m'mawa. Mpongozi wanga anamufunsa ngati sikungakhale bwino kungolawirira ku Lilongwe. Bamboyo anamukumbutsa za magalimoto, kuti angaime pamsewu mpaka masana. Anamulonjeza kuti m'mawa zitheka. Mpongozi wanga sanalire. Anazimitsa kompyuta, anaifunditsa nsalu, anakasambitsa wamng'ono uja. Ndinamumva akumuimbira kanyimbo ka kusukulu mawu ali bwinobwino. Zimenezo zinandivuta kuposa akanalira.

Lachisanu bamboyo anafika ana asanapite kusukulu. Sanalowe m'nyumba. Ndinamuona pa zenera akuyenda m'mbali mwa khoma, maso ali m'mwamba, chala chikutsata nthambo kuchokera pa polo. Pansi pa denga nthamboyo inagawika. Ina inalowa pabalaza. Ina, yopakidwa laimu limodzi ndi khoma moti sinkaoneka, inazungulira kuseri n'kulowa pa kaboo ka pamwamba pa zenera langa. Anaima pamenepo kanthawi, manja ali m'chiuno.

Kuchipinda kwanga sikulowa munthu. Mpongozi salowa kuchipinda kwa apongozi ake, ndipo mwamuna wachilendo sangayerekeze n'komwe kusuzumira. Bamboyo anakulira kuno, ankadziwa. Akanakhala wa kutali, wosadziwa mwambo, akanangogogoda n'kunena kuti ndione lamya yakufayo, nkhani n'kuthera pomwepo. Iye anandipeza kuseri kwa khitchini ndikusenda mtedza wa mbewu. Ananjuta chapatali, chipewa chili pabondo.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka, kaya inu."

"Ndadzuka. Mtedza wabwino."

"Si wogulitsa."

Anaseka pang'ono, n'kutulutsa pulayala m'thumba, n'kuiika pansi pakati pa iye ndi ine.

"Mayi, vuto ndalipeza. Koma khoswe wakhala pamkhate."

Ndinaswa mtedza wina.

"Pali nthambo yalowa kuchipinda kwanu. Ine kumeneko sindingalowe. Kuidula panja ndingathe, ndi ntchito ya kamphindi, koma sindidula chinthu cha mwini popanda mawu ake. Komanso ndikadula, aphunzitsi afunsa kuti ndadulanji."

"Lamya imeneyo inafa."

"Eya, ndamva. Nthawi zina zakufa zimadzuka masana." Anayang'ana kumwamba ngati akuyang'ana mitambo. "Ine ndili ndi mwana wamkazi, mayi. Anafuna za unamwino. Kalata yake inafika mochedwa ndi masiku awiri. Pano akugulitsa tomato pa Lukwa, ndipo tikakumana timalankhulana za tomato."

Kaya mwanayo aliko, sindikudziwa. Anthu amakhala ndi nkhani zotere m'thumba, pamodzi ndi pulayala. Koma ndinaona kuti sanapite kwa mpongozi wanga, anabwera kwa ine, ndipo analankhula motsitsa mawu. Munthu wofuna kukuchititsa manyazi sachita choncho.

"Musadule," ndinatero.

"Chabwino."

"Anaikokera ndi malemu."

"Ndamva, mayi." Anatola pulayala yake. "Ndiye tiyambe 10 koloko. Mafunso aja ndi zithunzi zija zifuna pafupifupi ola. Pakaduka kamodzi, nthawi yoyambiranso ilipo. Pakaduka kawiri, palibe."

Anapita. Ndinatsala ndi lichero pamiyendo. Sindinganene kuti ndinalapa, chifukwa zimene ndinkaopa Lachinayi ndinkaziopabe Lachisanu. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano panali munthu wodziwa. Ndikananyamula lamya ija, bambo wa ku Lisasadzi akanamva kabokosi kakuduka n'kudziwa dzanja lake, ndipo mpongozi wanga, tsiku lina, akanadziwanso. Ana akanatsala chaka chimodzi, n'kudzapita osabweranso. Ndinaziyeza ngati ndikuyeza belo la fodya, mbali iyi ndi mbali iyo. Panali chinanso chimene sindinachiyeze: mmene mpongozi wanga anafunditsira kompyuta ija nsalu, n'kuwongola makona ake.

10 koloko itakwana ndinanyamula lichero ndi thumba la mtedza n'kukakhala pabalaza, pansi, pakati penipeni. Mpongozi wanga anadzidzimuka.

"Amayi, makoko adzadza m'nyumba."

"Nyumba ndi yanga. Lembani."

Kabokosi kanagogoda. Kuseri kwa khoma kansanza kanayankha, ndipo ndinaona bamboyo akupendeketsa khutu, koma maso sanachotse pa sikirini. Nyenje, mphaka, mvula pa malata. Timagetsi tinayaka. Mpongozi wanga anayamba pa dzina lake kachisanu, zala zikuthamanga chifukwa mayankho anali atawaloweza. Ine ndinkaswa mtedza. Manja anga onse awiri anali poyera, aliyense akuwaona.

Mafunso atatha panatsala zithunzi za masatifiketi. Pa sikirini panabwera kamzere kobiriwira kamene kankakula pang'onopang'ono ngati madzi akulowa mu ngalande ya nazale. Kankaima, kagetsi kamodzi n'kuphethira, kenako n'kusuntha pang'ono. Nkhuku inalowa kudzatola makoko, palibe anaiingitsa. Chapakati kamzere kanaima nthawi yaitali, ndipo mpongozi wanga anatembenuka n'kundiyang'ana, osati kumaso, koma m'manja. Ndinamuonetsa mtedza. Kamzere kanasunthanso.

Kanafika kumapeto itangopitirira 11 koloko. Panatuluka mawu akuti alandira. Bamboyo anati awalembe papepala, manambala onse, ndipo mpongozi wanga analemba kawiri, m'kope ndi kuseri kwa kalendala. Kenako bamboyo anamusonyeza podulira, timagetsi n'kuzima. Anamulembera ndondomeko yake yonse: nambala ya ku Lilongwe, kachilembo ka kugogoda, liwiro lotsitsa lija, ndi kuti mvula ya ziphaliwali ikayamba azizula nthambo kukhoma. Anamwa thobwa ataimirira. Potsanzika anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Khoswe uja wagona, mayi."

"Muyende bwino. Makwerero a eni ake mubweze."

Njinga itapita, mpongozi wanga anatenga tsache n'kuyamba kusesa makoko. Ine ndinali ndikadali pansi, miyendo itachita dzanzi. Anasesa mozungulira ine, n'kuima.

"Amayi, zikomo."

"Zikomo wa chiyani? Ndasenda mtedza wanga."

"Eya." Anasesanso pang'ono. "Lamya ya kuchipinda ija ndinaidziwa chaka cha maliro a bambo a ana chomwe. Mumapuma mokweza."

Ndinamuyang'ana. Zaka zinayi zonse ankadziwa. Mchemwali wake, amayi ake, akusukulu, mwamuna wa Chingerezi uja, onsewo ankalankhula nawo akudziwa kuti ndili pansi pa bedi.

"Nanga dzulo osanena bwanji?"

"Ndikananena bwanji pamaso pa mlendo? Kuti apongozi anga amanama?"

Anatola makoko m'lichero lakale n'kutuluka nawo.

Kalata inabwera Khrisimasi itayandikira, fodya ali m'maondo. Anamutenga. Mu Januwale ananyamuka ndi ana onse awiri, ndi kompyuta, ndi kabokosi kaja. Za mwamuna woimba uja sindinafunse, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anali wa ku ofesi ya sukuluyo kapena wa kwina. Ana ankabwera pa holide iliyonse, akubwerabe, wamkulu uja tsopano ali ndi mwana kumbuyo. Kaya akanabwera ndikanachita zina, palibe angandiuze.

Lamlungu lililonse masana mpongozi wanga ankaimba, ine n'kuyankhira pabalaza. Ya kuchipinda ndinaichotsa kansanza, popeza munalibenso womubisira. Zinkalira zonse ziwiri pamodzi m'nyumba yopanda anthu, mpaka chaka chimene akuba anafika ndi kuno n'kudula nthambo kuyambira pa msewu. Kaloko kakadali pa gudumu. Kiyi ndili naye.